Pikapu ya Ababa Ikubwerera ku Kanjedza

Lolemba

Bokosi ndatsegula! Pikapu, mtundu womwewo umene ababa ankayendetsa ife tili ana. Kungoti iyi ndi yapulasitiki, kutalika kwake ngati chikhatho changa, ndipo ikadali m'tizidutswa. Ndinaipeza Loweruka ku Limbe, m'kasitolo ka katundu wakale wochokera kunja, itapanikizika pakati pa mapoto ndi mafelemu a zithunzi. Nditangoiona ndinaigula, osanenerera mtengo.

Timagalimoto totere ndamangapo tambiri, tandanda pa shelefu pabalaza. A Tiyamike, mayi akunyumba, amati ndi zidole. Si zidole. Chidole chimakhala ndi injini ya mapaipi ake onse?

Pulani nayi. Lamulungu ndi tsiku lobadwa la ababa, tonse tikakumana ku Kanjedza. Chaka chatha achemwali anga, a Filomena a ku Nyambadwe, anawagulira filiji. Ine ndinapereka masokosi. Mpaka lero munthu akamatsegula filijiyo amayamba wandiyang'ana. Chaka chino tionana. Filiji aliyense angagule. Koma pikapu ija, imene ababa anaigulitsa chaka chimene ine ndinkalowa koleji, angaibweze ndani? Ine.

Zida zilipo:
lezala
sandipepa wosalala
kaburashi
kapanira ka a Tiyamike kozulira nsidze (sakudziwa)
luso

Malangizo ali m'Chijeremani. Palibe vuto, zithunzi zilibe chinenero.

Ndajambula chithunzi cha pa bokosi, ndadula m'mbali kuti Chijeremanicho chisaoneke, ndatumiza pa gulu la banja lathu la pa foni. Pansi pake ndalemba kuti: "Lamulungu pikapu ya ababa ikubwerera kunyumba." Chithunzicho n'chokongola zedi, ungati ili pamsewu.

A Tiyamike: "Bola tebulo lodyera libwerere pofika Lachitatu."

Lachiwiri

Injini yatha! Yaing'ono ngati njere ya mtedza, koma zonse zilimo. Ndaiyang'ana nthawi yaitali, tiyi mpaka kuzizira.

Kagalasi koonera kumbuyo kathawa. Ndikukadula ndi lezala, kangoti thu! kuuluka. Ndakwawa pabalaza ponse. Ndapeza batani, mtedza wa chaka chatha ndi ndolo imodzi ya a Tiyamike. Kagalasi ayi. Sindikudandaula, mapikapu ambiri a mu Limbe alinso ndi galasi limodzi.

Foni ikungolira kuofesi tsiku lonse. Gulu la banja lawira. Manja opemphera, mitima, mitima ina. Msuweni wa ku Bangula amene sanandilankhuleko chimwalirireni amayi walemba kuti "bigi mani". Azakhali a ku Nsanje, mlongo wawo wa ababa, aimba foni n'kundipempherera kuchokera pamene ndimakwera minibasi mtauni mpaka potsikira ku Nkolokosa. Kondakitala anavula chipewa.

Ndimadziwa kuti tsiku lina abale anga adzazindikira luso.

Achemwali a Filomena awerenga uthenga. Sanayankhe kanthu. Zii! Kukoma kwake ngati nyama yootcha.

Lachitatu

Guluu wanga wa timagalimoto wauma m'chubu, gwa ngati mwala. Mu Blantyre muno wotere sapezeka wamba. Ndagula supa guluu kwa mavenda. Guluu ndi guluu.

Zimene zamatidwa lero:
mipando
dashibodi
matayala onse anayi
galasi lakutsogolo
chala changa chachikulu ndi cholozera (zamatuka, khungu pang'ono latsalira pa chitseko)

Galasi lakutsogolo lachita nkhungu yoyera m'kati. Ndapukuta, sikuchoka. Ndi supa guluu uja. Komabe zikuoneka ngati galimoto yagona panja m'mwezi wa Julayi uno. Ena amachita kuvutikira kuti zioneke choncho.

China. Ndamata dashibodi bwinobwino, ndaisiya iume, kenako ndikuyang'anitsitsa: chiwongolero chili kumanzere! Ajeremani! Ndayesa kuchizula, chakana. Ndaganiza mofatsa. Ndi nkhungu ili pagalasiyo, ndani achione? Mavuto awiri athetsana okha. Uku ndiye kukhala mmisiri.

Azakhali aimbanso. Akuti ali ndi matumba a mapira ndi mbuzi imodzi, zakhala zikusowa thiransipoti, ndiye mwina sabata yamawa. Ndaseka mpaka kutsokomola. Azakhali ndi nthabwala zawo! Iwo sanaseke, koma netiweki ya ku Nsanje imachedwa.

Tadyera pa mpando, mbale pamiyendo. A Tiyamike andiyang'ana nthawi yaitali: "Kodi anthuwa munawauza kukula kwake?"

Ndawayankha kuti m'banja mwathu palibe amene sadziwa zimene ndimachita Loweruka masana.

Lachinayi

Chiperoni. Phiri la Soche silikuoneka n'komwe, kamvula kowaza, kuzizira kolowa m'mafupa. Akatswiri amati usapente kukakhala chinyezi. Akatswiriwo ababa awo sakumbukira kubadwa Lamulungu.

Pa nthawi ya nkhomaliro ndathamangira ku hadiweya, ndagula penti wopopera wa buluu. Wogulitsa akuti ndi wa mageti ndi mafelemu a mawindo. Ndamuuza kuti buluu ndi buluu.

Ndapopera pakhonde. Poyamba kuwala kwake, eee! Ndinatsala pang'ono kuitana aneba. Patapita kanthawi denga layamba makwinya. Kenako boneti. Tsopano thupi lonse likuoneka ngati khungu la lalanje lofota. Palibe choopsa. Likauma ndipala ndi sandipepa, ndipoperanso.

Mphepo inatembenuka ndili m'kati mopopera. Bulauzi yoyera ya kwaya ya a Tiyamike inali pachingwe cha pakhonde pomwepo. Tsopano ili ndi timadontho ta buluu phewa limodzi. Kuonera patali n'zokongola. A Tiyamike sanaonere patali.

Kenako foni. Ababa! Iwo foni yawo ndi ya mabatani, pa gulu paja palibepo, nkhani aimva kwa azakhali.

"Mwana wanga, ndamva. Sindifunsa kuti wakwanitsa bwanji. Khola la nkhuku lija ndagwetsa, ipeze poima."

Ndati, "Ababa..."

"Usanene kanthu. Ndikudziwa unkafuna kundidzidzimutsa."

Adula.

Ndakhala pansi pakhonde, chitini cha penti m'manja. Mapira. Mbuzi. Bigi mani.

Chabwino. Ndi kusamvana kwakung'ono. Mawa ndikawafotokozera pamaso, tikaseka limodzi. Ine nkhani zovuta ndimazitha, kuofesi kasitomala akakwiya amaitana ine.

Lachisanu

Ndapempha kutuluka msanga. Minibasi mpaka ku Limbe, kenako wapansi kupita ku Kanjedza. M'njira monse ndikuyeserera mawu. Ndakonza oyamba, apakati ndi omaliza. Omalizawo ali ndi mwambi.

Ndawapeza ababa pageti ndi chitsulo chophwanyira, akugumula mzati wa njerwa. Akuti geti n'lopapatiza, lingakande penti. Avala kapusi yawo yakale ija ya chikopa, imene ndinkaganiza kuti inatayidwa kalekale. Nkhuku zili m'bafa.

Sanandipatse mpata. Andigwira dzanja, andionetsa pamene asalaza ndi khasu. Dzulo anapita kukayezetsa maso kuti akakonzetse layisensi. Aneba onse awauza. Bambo wa kuseli amene amawanyoza ndi kagalimoto kake kofiira amuuza kawiri.

Kenako atsitsa mawu: "Tsiku limene ndinapereka makiyi aja sindinakuuzeni, koma ndinayenda wapansi mpaka kuno kuti misozi iumire m'njira. Ulendo woyamba tipita kumanda, amayi ako akaione."

Mawu anga oyamba, apakati ndi omaliza, onse anathawa. Mwambi womwe.

Ndawathandiza kunyamula njerwa.

Kunyumba penti sanaume. Ndapala ndi sandipepa, sandipepa wamatirira. Ndamuchotsa, wachoka ndi chogwirira cha chitseko. Ndapoperanso kuti zibisike. Tsopano pentiyo ndi wochindikala moti mizere ya zitseko siikuoneka, pikapu yopanda polowera.

Masiku akadalipo. Mawa ndi Loweruka, tsiku langa. Galimoto ikakhala yokongola kwambiri, munthu amaiwala za kukula.

A Tiyamike alankhula mawu awiri okha lero: "Kapanira kanga."

Loweruka

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Chiperoni chikadalipo. Penti akunanda ngati phula.

Nzeru: mbaula. Ndaika pikapu pa njerwa, chapatali ndithu, kuti izingomva kafungo ka moto. Ndalowa m'nyumba kukafuna kaburashi. Pobwera ndapeza boneti yapindika m'mwamba ngati ikuyasamula, bampala yagwa mbali imodzi. Ndaithira madzi. Yauma! Penti wa kutsogolo wauma ndithu. Ndiye nzeruyo sinali yolakwika kwenikweni.

Hutala pageti. Achemwali a Filomena, okha, ndi galimoto yawo yaikulu. Ku Nkolokosa kuno safikafika. Sanakhale n'komwe pansi.

"Iwe, ndabwera kudzaiona. Waisunga kuti?"

Ndaloza patebulo.

Ayang'ana patebulo. Ayang'ana ine. Asuzumira pawindo kuona kuseli kwa nyumba. Ayang'ananso patebulo. Kenako akhala pansi pasimenti, ndi diresi lawo lodula lija, kuseka kosatuluka mawu, misozi mbwee. A Tiyamike abwera ndi madzi, nawonso ayamba. Ine ndaima. Munthu waluso amasekedwa, zimadziwika.

Atapezako mpweya achemwali anditengera ku galimoto yawo, atsegula buti. Matayala anayi atsopano, enieni, akununkha sitolo.

"Sabata yonse sindinagone. Ndinati mwanayu wandiposa, bola ine ndigule matayala."

Ndiye kuti ndinawaposadi. Kuyambira Lolemba mpaka lero masana. Zimenezo zilembedwe.

Tagwirizana kuti gulu liuzidwe. Ndajambula pikapu pafupi ndi supuni ya tiyi, ndatumiza popanda mawu. Msuweni wa ku Bangula wafufuta "bigi mani" wake. Azakhali foni yawo siikupezeka. Achemwali akuti ababa asamve pafoni, ndipo asamve kwa munthu wina. A Tiyamike akuti chimodzimodzi. Aka n'koyamba awiriwa kugwirizana chikwatirireni ine.

Ndapenta nambala ya pikapu yakale ya ababa ija ndi kaburashi. Ndikuikumbukira yonse. Yatuluka bwino kuposa china chilichonse pa galimotoyi.

Lamulungu

Pikapu m'bokosi la nsapato, bokosi pamiyendo. Achemwali atitenga tikuchokera ku Misa.

Ku Kanjedza geti lili pululu. Pabwalo posesedwa, mizere ya tsache ikuoneka. Aneba pa mabenchi. Bambo wa kagalimoto kofiira ali kutsogolo, manja m'thumba. Ababa avala malaya oyera ndi kapusi ija. Akuyang'ana kumbuyo kwa galimoto ya achemwali, kumsewu.

"Ikubwera ndi ndani?"

Ndati, "Ababa, yabwera kale." Ndatsegula bokosi.

Sindinamvepo Kanjedza ali chete chonchija. M'bafa tambala analira.

Ndafotokoza zonse, mosakonza, mopanda mwambi. Ababa amvetsera mpaka kumapeto. Avula kapusi. Alowa m'nyumba, atseka chitseko. Aneba ayamba kukumbukira kuti anasiya madzi pamoto. Ine ndaima pakati pa bwalo losesedwalo ndi bokosi la nsapato, ndipo ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

Atuluka patapita nthawi, maso ofiira, magalasi owerengera pamphuno. Akhala pa benchi. "Bwera nayo."

Aitembenuza uku ndi uku. Awerenga nambala mokweza, pang'onopang'ono, agwedeza mutu. Aiika pa benchi, aikankha ndi chala. Siikuyenda. Matayala ndinawamatira limodzi ndi zitsulo zake. Aikankhanso mwamphamvu, yangokhwekhwereza.

"Ndi yomweyo," atero. "Filomena, ukukumbuka? Kuikankha kuchokera pano mpaka pa msewu waukulu, ndi yunifolomu ya sukulu."

Achemwali akuti akukumbuka, ndiponso tsiku la ukwati wa azakhali inafika pa tchalitchi itakokedwa ndi thirakitala. Ine zimenezo sindikuzikumbuka. Ine ndimakumbuka ikuthamanga.

Aseka, koma osati kwambiri. Sindinganame kuti zawathera. Pa nkhomaliro adya pang'ono, ndipo kawiri ndawaona akuyang'ana pa malo anasalaza paja. Madzulo achemwali atitengera tonse kumanda pa galimoto yawo. Ababa anyamula pikapu m'manja njira yonse. Zimene anawauza amayi sindinamve, ndinaima patali.

Zimene zandigwera:
kumanga mzati wa geti
kumanga khola
kubweza matayala kusitolo, chifukwa achemwali akuti nkhope yawo siingapiteko
bulauzi

Pobwerera ndaona kuti denga la pikapu silinaume. Chala chachikulu cha ababa chadinda pakati penipeni, mizere yonse kuoneka, ndipo malaya awo oyera ali ndi buluu pachifuwa. Ndawapempha kuti ndiitenge ndikaikonze, ndikapale, ndikapentenso bwinobwino kukatentha.

"Galimoto yanga usaigwirenso," atero, n'kuitsekera m'kabati ya magalasi.

Chabwino. Tebulo lodyera ndabweza.