Nthambo ya m'Nyumba ya Napukwa

Kuseri kwa mapiri amene palibe mapu owatchula kuli dziko la Suzumira, ndipo m'masiku amene tikunenawa linkalamulidwa ndi Mfumu Zonsenzanga, mwini mizati ndi nthambo zonse. Mfumuyi inalowetsa nthambo imodzi m'nyumba iliyonse, ndipo m'nthambo yomweyo munkayenda zinthu ziwiri: makalata, ndi zithunzi zoyenda za pa kanema. Wa chilolezo chachikulu ankalandira zonse. Wa chilolezo chaching'ono ankalandira makalata okha, pakuti amisiri a mfumu ankamumangira kachotsekera ka chidindo kumapeto kwa nthambo, kuti zithunzi zikafika pakhoma lake zizibwerera.

Mayi Napukwa, amasiye okhala kumzati wotsiriza, anali a chilolezo chaching'ono. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tamusowa, anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri ku likulu, ndipo Loweruka lililonse masana ndiye ankawerenga zilengezo za mfumu pa kanema. Makalata ake ankafika ndithu: "Amayi, ndili bwino, koma ntchito sikundilola kubwera." Chabe kalata ilibe nkhope. Loweruka likakwana mayiwo ankasesa pabalaza, n'kukhala pafupi ndi khoma nthambo ili m'manja, akudziwa kuti mwana wawo wayenda mtunda wonsewo kufika m'nyumba yobadwira, n'kubwezedwa pakhomo.

Mlamu wawo, a Lumikiza, amene anakalambira pa mizati ya mfumu, ankawaseka. "Alamu, muzingoisisita ngati mwana wa mphaka? Kanthuko n'kofuna pulayasi basi. Ndisanamalize chinangwa ichi kakhala katachoka."

"Ayi alamu. Achimwene anu anatisiya asanaimepo pabwalo la milandu. Ndisayambitse ine."

Chaka china mphepo ya mvula yoyamba inagwetsa mzati. Amisiri analumikiza nthambo mothamanga pothawa kunyowa, n'kuiwala kubwezera kachotsekera. Loweruka lake, Napukwa akupukuta kanema wakale wa malemu amuna awo, anangoti amuyatse amve ngati kanemayo akali moyo, ndipo Tamusowa anatulukira pagalasi. Mayiwo anaonera ali chiimire, nsanza ili m'manja, mpaka chilengezo kutha.

Tsono ku Suzumira nkhuku ya mnzako ikaikira pakhomo pako sudya dziralo, umapita kukauza mwini wake. Napukwa analeredwa chomwecho. Ngakhale a Lumikiza anawatsekereza mpaka pamsewu, Lolemba m'mawa anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kupita kubwalo la mfumu.

"Zikomo mwini dziko, mwini mizati," anatero atagwada. "Ndabwera kudzafunsa. Chotsekera sindinachotse ndine. Mwana wanga analowa m'nyumba mwanga pa nthambo imene ndili nayo chilolezo, ine n'kumuyang'ana. Ngati ndalakwa, mundiuze pamene ndinalakwira, kaya n'poyatsa, kaya n'posatsinzina."

Akulu a bwalo anasanthula malamulo mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankati wakuba ndi wothyola chidindo, ndipo apa palibe chidindo chothyoledwa. Ena ankati chilolezo cha mayiwo chimatchula makalata okha. Sitinganene kuti mbali ina inkanama ayi. Lamulolo analilemba anthu amene sanaganizepo za mmisiri woopa mvula.

Pamapeto pake mfumu inakweza dzanja. "Anthu anga, nthambo ndi yanga, choyenda m'menemo n'changa, ndipo diso lochiona popanda chilolezo laba. Ndikamusiya mayiyu, mawa dziko lonse liziti mphepo ndiyo yachotsa. Choncho manyazi ake alengezedwe pa kanema Loweruka lino. Nthambo yake isatsekedwe kufikira chilengezo chitatha, kuti adzionere yekha, ndipo msilikali aime pambali pake kuti asatembenuze nkhope."

Tsikulo litafika msilikali anaima pabalaza, oyandikana nawo atadzaza m'mazenera. Tamusowa anaoneka pepala lili m'manja. Atafika pa dzina la wolakwayo anaima, n'kudzutsa maso kuyang'ana kutsogolo nthawi yaitali kuposa mmene owerenga zilengezo amaloledwera. Kenako anawerenga mpaka kumapeto, kuti Napukwa wa kumzati wotsiriza ndi wakuba zithunzi za mfumu. Apo n'kuti mayiwo atasendeza mpando mpaka mawondo kugunda tebulo, dzanja lili pachifuwa.

Msilikali anatulutsa kachotsekera m'thumba. "Mayi, mwaumva mlandu wanu? Akulu a bwalo akufuna ndikanene kwa mfumu kuti mwaumva."

Napukwa sanachotse maso pagalasi. "Pepani mwanangu, makutuwa akalamba. Palibe n'chimodzi chomwe chimene ndamva. Mukawapemphe abwerezenso Loweruka likubwerali."