Ndinaferedwa Mkazi Ndisanakwatire

Anzanga, musandione chonchi, ine ndinaferedwapo mkazi ndisanakwatire n'komwe. Sekani ndithu, inenso masiku ano ndimaseka.

Ku kwaya yathu ya ku Area 4 kuli mlembi, dzina lake Lusungu, mtsikana wa ku Rumphi wogwira ntchito m'boma. Akayamba kuyimba ine ndimayiwala mzere wanga wa besi, maso kudenga, maganizo ali kale ku Area 10: kanyumba ka mpanda wa maluwa, iye akuthirira kapinga, ine ndikutsuka galimoto imene ndilibe. Chaka chathunthu ndikulota chomwechi, koma ndikakumana naye chotuluka pakamwa ndi "mwaswera bwanji" basi.

Ndiye kunabwera ulendo wokayimba ku Dedza, Lusungu n'kutumiza fomu ya pa intaneti yoti tonse tilembetse. Pa fomupo panali kabokosi kaja ukakadina kamatsitsa mndandanda woti usankhepo: wosakwatira, wokwatira, banja linatha, wamasiye. Si mwayi uwu? Fomu indilankhulire zimene pakamwa pakulephera, awerenge yekha ndi maso ake kuti ine Madalitso ndili ndekha ndipo malo alipo.

Ndinayamba kulemba pa foni, mu minibasi yochokera ku Old Town. Pa foni zinthu n'zaulemu, ukadina mndandanda umadzaza sikirini yonse, wasankha, watseka, nkhani yatha. Koma bandulo inandithera panjira, ndiye ndinakayambiranso ku ofesi ku City Centre, pa kompyuta. Ndinasankha "wosakwatira" mosamala ngati ndikusaina kaundula wa ukwati. Kenako pofuna kutsitsa tsamba ndinadina batani la muvi woloza pansi. Tsamba silinasunthe. Ndinadinanso, zii. Kachitatu, zii. Nanga maso anga anali pa sikirini ngati? Anali pawindo, pa jakaranda akugwetsa maluwa ake pang'onopang'ono, ine ndikusankha mayina a ana athu. Ndinangogwira mausi, kutsitsa, kutumiza.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pa kompyuta ija kabokosiko kamakhalabe maso ngakhale kaoneke kotseka, ndipo ukadina muvi kamasintha yankho mwakachetechete. Kudina koyamba ndinakwatira. Kwachiwiri banja linatha. Kwachitatu ndinali nditayika kale maliro.

Lachitatu titamaliza kuphunzira nyimbo, Lusungu anandiyitanira pambali n'kundigwira dzanja. Dzanja, anzanga!

"Achimwene a Mada, pepani kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Ndaona pa fomu kuti mayi akunyumba anatisiya. Mwakhala mukusenza nokha zimenezi?"

Munthu wanzeru akanatani? Akanaseka, n'kunena kuti palakwika penapake. Koma dzanja lija linali lofunda, ndipo ndinadziwa kuti ndikangonena zoona alichotsa. Ndinapumira m'mwamba, n'kuti, "Zimachitika, chemwali."

"Dzina lawo anali ndani?"

Kutsidya kwa msewu kuli kasaluni kolembedwa dzina la mwini wake. Ndinangowerenga. "Ethel."

"N'chifukwa chake mumangoyang'ana kudenga mukamayimba," anatero, misozi ili lengelenge. Ndinapita kunyumba ndikuyandama, ndikudziuza kuti mawa ndikonza. Mawa lake silinafike.

Lamulungu amayi anga anali atabwera kuchokera ku Mchinji kudzandiona, ndipo ndinawakhazika kutsogolo kuti amve bwino besi ya mwana wawo. Kwaya itayimirira, wotsogolera wathu anatenga maikolofoni. "Nyimbo iyi tikutonthoza nayo m'bale wathu Madalitso, pokumbukira akazi awo, malemu mayi Ethel." Mpingo wonse unati "mmm" wachifundo. Ine ndinayimba nyimbo yonse ndikuyang'ana nsapato, chifukwa maso a amayi ndinkawamva pamphumi ngati dzuwa la Okutobala.

Tikungotuluka amayi anandigwira jekete, anthu ali gwirigwiri.

"Iwe Madalitso! Unakwatira liti? Ankhoswe anali ndani? Mpongozi wanga mpaka kulowa m'manda, ine osaphikako ndi ndiwo za pamaliro zomwe?"

Ndinaulula zonse pomwepo, kabokosi, muvi, jakaranda. Lusungu sanakweze mawu. Anangotulutsa laputopu yake m'chikwama, n'kuyika pa benchi, n'kutsegula fomu ija.

"Tionetseni."

Ndinasankha "wosakwatira", n'kudina muvi monyadira ngati loya. Mndandanda unangotseguka bwinobwino, yankho lili pomwepo osasuntha. Ndinatseka, ndinadinanso, chimodzimodzi. Muvi umene unandiphera mkazi Lolemba, lero ukuti sukundidziwa!

"Burawuza yake, pulogalamu yotsegulira intanetiyi, ndi ina," ndinatero, thukuta lili kamukamu. "Ya ku ofesi imachita zina. Tipite mukaone."

"Za kabokosizo ndakhulupirira, zimasiyanadi," anatero Lusungu. "Koma Ethel anatuluka m'kabokosi kati?"

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Lusungu sanaseke. Anatseka laputopu, n'kundiyandikira kuti ena asamve.

"Inu mumaganiza kuti ulendo wa ku Dedza umafuna kudziwa za banja la munthu? Funso lija ndinaliyika chifukwa cha munthu mmodzi."

Zinandipweteka, anzanga, mpaka lero zimandipweteka. Ku Dedza tinapitadi, iye atakhala kutsogolo ndi mnyamata wa tena, ine kumbuyo ndi ng'oma pamiyendo, ndikudutsa pa saluni ya Ethel nkhope nditabisa. Kuyambira tsiku limenelo fomu iliyonse ndimayiwerenga katatu ndisanatumize, windo nditalifulatira, ndipo batani la muvi lija ndinalimata ndi selotepi. Ndikadzafunanso mkazi ndidzalankhula ndi pakamwa, chifukwa kompyuta inandipatsa mmodzi n'kundilanda awiri.