Ndere za malemu Mayi Hayashi

Lolemba
Ndikuwasinthira zofunda Bambo Hayashi, nkhalamba ya ku Japan ya mu wodi yathu kuno ku Scarborough, ku Canada. Adokotala akuti chisanu cha chaka chino sachiona. Anali a malonda a tiyi ndi mbale. Nyumba yoyamba anawalanda nthawi ya nkhondo. Yachiwiri ili ku North York, yotseka, ndipo kuseri kuli dimba limene anakonza malemu akazi awo. Akungoti, "Ndikalione kamodzi kokha." Loweruka ndiwapititsa! Zofunika: chilolezo cha a matironi, kiyi wa nyumbayo, galimoto, bulangete.

Lachiwiri
A matironi avomera, tsinya lili pamphumi. Mwana wawo wamkazi wa ku Hamilton wabweretsa kiyi, kuphazi kuli moto, akuthamangira sitima. "Musavutike ndi chilichonse," akutero. Ulemu chabe umenewo. Kwathu mlendo safikira pabwalo losasesa.

Lachitatu
Ndadzera ku North York kuja poweruka. Nyumba yake yochititsa mantha ndi ulemu: zitseko zamapepala zokankhira m'mbali, mphasa pansi ponse, fungo la tiyi wakalekale. Ndavula nsapato popanda wondiuza. Koma dimba, kalanga ine! Ndere zabiriwira pansi ponse, mpaka pamiyala. Timiyala tili ndi mizere ngati mwapalasa nkhuku. Kamtengo kapaini kopinimbira, kokhota. Munthu wodwala akaone manyazi amenewa? Ayi.

Lachinayi
Galimoto ya abambo akunyumba yakana kulira. Tidzakwera takisi. Khasu mu Toronto muno n'losowa ngati mano a nkhuku. Anzanga Mai Tembo a ku Chipata andibwereka fosholo ndi tsache. "Mukakliningeko bwino, asisi, asatiseke kuti sitinaleredwe."

Lachisanu
Ndapala. Ndalambula. Ndatsuka miyala ndi burashi, timiyala ndasalaza. Ndere zonse mulu kuseri kwa mpanda. Bwalo lili mbee, amayi anga akanandiyamikira! Kamtengo kaja kapulumuka chifukwa ndilibe chikwanje. Msana ukuwawa koma mtima uli m'malo.

Loweruka
Ndikuwakankha pa chikuku, bulangete m'miyendo. Ndatsegula chitseko cha kuseri monyadira. Akuyang'ana dothi. Akuyang'anabe. Kenako awerama mutu pang'ono: "Mwagwira ntchito yaikulu, anesi. Tiyeni tizipita."
Mwana wawo wafika tili pakhomo. Wasuzumira, wagwira pakamwa. Akuti ndere zija amayi ake ankazibzala kachidutswa kachidutswa, n'kumazithirira m'mawa uliwonse kuyambira iye ali kamtsikana. Mizere ya m'timiyala ndi mafunde a nyanja imene anawoloka. Iye ankabwera kudzaikonzanso monga ankachitira malemuwo. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Ndili chogwada kuseri kwa mpanda, ndikutola zidutswa za ndere, kubwezera padothi, kutsindira ndi chikhatho. Zina zauma kale. Mwana wawo akuti mwina zigwira, koma zimatenga zaka. Bambo Hayashi zakazo alibe.
Ndadzera ku wodi masana kukapepesa. Ndaima pambali pa bedi la Bambo Hayashi. Agwira dzanja langa, aona dothi m'zikhadabo. "Madzi pang'ono pang'ono, m'mawa. Osakhuthula."
Kwathu akamva kuti ndikuthirira ndere, adzati Canada yandizunguza mutu. Mawa ndikwera basi yoyamba, ndi kachitini kobowola.