Chitini Choyezera Mvula ndi Ketulo Yanga

Lemba iwe, ndipo ulembe mmene ndikuyankhulira, usandikonzere pakamwa. Ine kusukulu sindinapondeko, koma madzi ndawasenza pamutu pano mpaka tsitsi linathothoka. Ndiye munthu asandiuze za madzi!

Inu, tamverani. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndimamutchula kuti Injiniya, akuphunzira za madzi kusukulu ya ukachenjede. Madamu, mipope, ngalande, zonsezo. Tsiku lina anabwera ndi kachitini kokhala ndi fanulo pamwamba, n'kukakhazika pamtengo pakatikati pa bwalo.

"Agogo, ichi n'choyezera mvula. Ndiziona madzi agweramo, ndiwerengere kukula kwa ngalande yoyenera pakhomo pano. Zikalakwika, mayeso ndalephera. Chonde musachikhudze."

"Ndichikhudze ine? Ndine mwana?"

Mvula inagwa Injiniya ali kusukulu. Nditasuzumira m'chitinimo, timadzi tofika pachikhadabo! Pamene ndowa zanga pansi pa malata zikuchita kusefukira. Ndinati mayo ine, sukulu yandiphera mwana. Ndani padziko pano amatchera madzi a mvula pakati pa bwalo? Ngakhale nkhuku ikudziwa kuti madzi amatsikira kumalata!

Ndiye kuseri kwa mpanda kuli mayi wina, ine ndimati Anaumira, chifukwa ukapempha mchere amakuwerengera timibulu. Anatulutsa mutu.

"Anzanga, sukulu yonse ija, mwana akukolola madzi osakwana kutsukira supuni?"

Zinandilasa pamtima. Akuluakulu anati chitini cha mwana wako sichigona ndi ludzu. Ngati sananene, ndanena ine.

Basi, kuyambira pamenepo, Injiniya akangotuluka, mvula n'kuyamba, ine chitini nyamu, pansi pa malata khazi, chikadzaza ndi kuchibwezera pamtengo. Kutachita ng'amba, ndinati mwana wanga asapite kwa aphunzitsi chimanjamanja ngati wamasiye. Ndinatenga ketulo.

Madzulo Injiniya akuyang'ana chitini, akuyang'ana kumwamba.

"Agogo, kodi lero kunagwa mvula?"

"Yamphamvu. Iwe uli kusukulu."

"Nanga bwanji pansi pali fumbi?"

"Dothi la pano ndi laludzu, mwanawe. Limameza osatafuna."

Mwana wolemekeza akulu, anandikhulupirira. Anawerengera masamu ake, kenako nkhope gwa!

"Agogo, mvula ya pakhomo pano ndi yoopsa. Tikapanda kukumba ngalande, nyumba ino ikokoloka."

Ndikanatani, inu? Ndinene kuti mvulayo ikuchokera m'ketulo? Ndinangoti kumba, mwanangu. Anaitana malume ake ndi khasu ndi fosholo. Ngalande yake, abale! Munthu akalowamo kumangooneka chipewa. Inadutsa m'kadimba kanga, masamba onse kwatha. Ine mtima ukulira.

Mawa lake ndikupita kukayanika zovala, beseni pamutu, phazi n'kuiwala kuti njira inasintha. Phu! Ine pansi, beseni pamwamba panga, andiloko m'khosi. Wonditulutsa anali ndani? Anaumira, ndi makwerero ake.

"Pepani anzanga, kodi mumayeza kuya kwake?"

Lembanso zimenezo, anthu adziwe mtima wake.

Tsono aphunzitsi a Injiniya ataona kuti bwalo limodzi likulandira mvula kuposa dera lonse, anati ayi, ndikadzionere ndekha. Anafika naye mwanayo masana, osachenjeza, dzuwa likuswa mtengo. Anandipeza ndakwera pampando, ketulo m'manja, mlomo wake m'fanulo.

"Mayi, mukutani?"

"Ndikuthandiza mvula, bambo. Yafooka masiku ano."

Injiniya anangokhala pansi pafumbi pomwepo.

"Agogo, mwandipha! Ntchito yonse ija ndimayeza ketulo?"

Apo ndiye ndinaona kuti misozi yake inali yeniyeni. Ndinatsika pampando n'kuwayang'ana aphunzitsiwo m'maso.

"Bambo, mwanayu mukamulepheretsa, ndibwera ndidzakhale pakhomo la ofesi yanu ndi ketulo yomweyi, mpaka mudzapume pantchito."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anayendera ngalande ija, akugwedeza mutu.

"Masamu a mwanayu ali bwino. Mvula imene anapatsidwayo ikanakhala yochokera kumwamba, ngalandeyi ikanakupulumutsani. Sindimulepheretsa. Ayambirenso kuyeza, koma chitinichi chichoke pabwalo pano."

Asanamalize n'komwe, mutu uja kuseri kwa mpanda tulukiru!

"Kwathu kuno malo alipo, aphunzitsi. Ine sindithirira munthu kanthu."

Pamenepo pokha sananame.

Ndiye lero chitini cha mdzukulu wanga chili pabwalo la Anaumira, ine ndatsala ndi dzenje lopanda madzi. Injiniya wayambanso kundiyankhula, ngakhale ketulo amaibisa akamachoka. Dzulo mvula inagwa yamkokomo, ndinakasuzumira pampanda. Inu, timadzi m'chitinimo ngati misozi ya mbewa! Ndinati ehe, si ndinanena? Pakhomo pa munthu woumira, ngakhale mitambo imadziwa.