Tsamba Lomwe Linakulunga Mandasi

Mpaka lero ndikamva fungo la mandasi, miyendo imayamba kuwawa yokha. Musandimvere chisoni, ndinaziputa dala.

Ndimakhala ku Liwonde ndi atsibweni anga, omwe anapuma ntchito ya kunjanji. Anzawo atapuma anagula mbuzi, iwo anasankha mapepala. Amatolera mabuku akale ndi magazini omwe malaibulale a m'sukulu ndi a kumishoni anataya, n'kumasunga m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi masamba a nimu oti chiswe chisayandikire. Bokosilo ndilibe nalo mlandu. Chondivuta ndi kasakidwe kawo. Anatulukira kuti mabuku otayidwa amathera kwa amayi a mumsika okulungira malonda, ndiye munthu wamkulu, wa tayi, amagula mandasi pofuna pepala. Amaima pakati pa msika, kukweza pepala padzuwa, milomo ikugwedezeka, mandasi akuzizira m'dzanja. Tsiku lina anachita zimenezi anzanga a fomu 3 akuona, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa kusukulu linasanduka Kapepala.

Ndinaganiza zowapatsa chimene amafunacho.

M'bokosi muja muli mabuku awiri ofanana, ophunzitsira ana kuwerenga Chinyanja, a nthawi ya amishoni. Lina ndi loyera, la chikuto cholimba. Linalo ndi lofiirira ngati mlamba wowamba, m'mbali modyekadyeka. Atsibweni ankakonda kunena kuti nyumba itati ipse, angayambe atulutsa limodzi mwa awiriwa kenako ine (ankaseka ponena, koma osati kwambiri). Sindinafunsepo kuti ndi liti. Zinali zoonekeratu, ndani angalowe pamoto chifukwa cha chinthu chakutha? Ndiye ine, mwana woganizira za ena, ndinasiya loyera lija n'kung'amba tsamba limodzi m'buku lakuthalo.

Ndinapita nalo kwa Abiti Asani, omwe amagulitsa mandasi pafupi ndi siteji ya maminibasi.

"Mawa atsibweni akabwera muwakulungire m'menemu. Akafunsa, munene kuti munalipeza kwa bambo wina wamtali, wa chipewa, wa kwa Mposa."

"Mposa bwanji, iwe mwana?"

"N'kutali. Adandaula masiku awiri, basi aiwala."

Anaseka n'kulipisa pepalalo kunsi kwa beseni.

M'mawa mwake ndinawaperekeza ndekha kumsika, ngati mwana wabwino. Atalandira mandasi anayang'ana pepala, kenako anakhala pansi. Pansi penipeni, pafumbi, ndi buluku lositidwa.

"Mphwanga, ukudziwa ichi? Kalembedwe aka ndi ka kusindikiza koyamba. Ndinkayesa kuti m'dziko muno latsala buku langa lokha."

Mawu amenewo anayenera kundichenjeza. Koma ine ndinali kalikiliki kudziluma tsaya kuti ndisaseke.

"Mayi, pepalali mwalitenga kuti?" atsibweni anafunsa.

Abiti Asani ananena zonse monga tinapanganira. Akanalekera pomwepo, bwenzi ndilibe nkhani yolemba. Koma bodza linawakomera m'kamwa.

"Ali ndi thumba lathunthu la mapepala otere bamboyo. Ine ndinangogulako pang'ono. Otsalawo akuti azipichirira fodya."

Atsibweni anadzambatuka.

"Katenge njinga."

"Atsibweni, dzuwa lakwera. Mwina mawa, kapena mwezi wamawa."

"Iyayi. Pamene ukuyankhulapa munthu akusuta tsamba lina."

Bondo lawo silipalasa njinga. Ndiye mwadziwa kale amene anakhala pakaliyala ndi ambulera, ndi amene anapalasa. Zitunda za ku Machinga ndinkaziona zokongola ndili m'minibasi. Tsiku limenelo ndinazidziwa chimodzichimodzi. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma ndikacheuka n'kuona nkhope yawo ikuwala ngati ya mkwati, ndinkangoti tipumeko kaye.

Tsoka lake, kwa Mposa amuna aatali ovala zipewa alipo, ndipo si mmodzi. Woyamba anali shehe, ndipo anatiuza mwaulemu kuti sanasutepo chibadwire. Wachiwiri anatiyesa ogula thonje. Wachitatu tinam'peza pansi pa mtengo wa mango, chingambwe chili pakamwa, utsi uli tolotolo. Atsibweni, munthu amene amapereka moni ngakhale kwa galu wa eni, sanati n'komwe odi. Anatsomphola nduduyo, kuizima ndi zala, n'kuyamba kuifutukula mosamala.

Linali tsamba la kope la masamu la mwana wa sitandade 4. Aphunzitsi anali atachonga zonse kuti zalakwa.

"Akulu inu," bamboyo anatero, akuyang'ana fodya wake ali mbwee pansi, "kwanu amapempha choncho?"

Ine ndinagwa ndi njinga chifukwa cha kuseka. Atsibweni anavula chipewa chawo n'kupepesa nthawi yaitali, akufotokoza za amishoni ndi makina osindikizira, mpaka akazi a bamboyo anatuluka ndi chinangwa chophika n'kundinong'oneza kuti ndiziwapititsa kuchipatala zinthu zisanafike poipa.

Tinabwerera opanda thumba. Ndinkati akhumudwa, koma ayi. Ali pakaliyala ankangosisita thumba la malaya momwe munali tsamba lija.

"Ngakhale tsamba limodzi ndi umboni, mphwanga. Buku langa lili ndi mnzake. Mawa tiziyerekeza."

Apo m'pamene kuseka kunandithera.

Kutacha anayala nsalu yoyera patebulo, kusamba m'manja, n'kutsegula bokosi. Ndinkapemphera kuti atenge loyera lija. Dzanja lawo linalidumpha ngati mbale yopanda kanthu n'kutola lakuthalo. Anatsegula pang'onopang'ono mpaka anafika pomwe panali mpata. Kenako anatenga tsamba lamafuta lija n'kuliika pamenepo. Linalowa ndendende, mano ndi mano.

Ndikanakonda akanandikalipira. Sanatero. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera.

"Ungondiuza chimodzi. Mabuku analipo awiri. Unasankhiranji ili?"

"Linali lakutha, atsibweni."

"Inenso ndine wakutha. Ukadzafuna chokulungira mandasi udzandiuze, ndidzavule tayi."

Ndinayang'ana pansi mpaka ndinaloweza ming'alu yonse ya simenti. Loyera lija, anandiuza pambuyo pake, linasindikizidwa mochedwa ndipo alipo ambiri. Analisunga loti alendo azigwira.

Tsambalo analimatanso ndi guluu, koma mafuta a Abiti Asani sachoka, ndipo nyerere za ku Liwonde zinamva msanga. Tsopano Loweruka lililonse anzanga akamapita kumpira, ine ndimakhala pakhonde kuyang'ana nyerere tsamba ndi tsamba, ndi nthenga ya nkhuku. Choipa koposa ndi alendo. Kuli mnzawo wina ku Balaka, naye wa matenda omwewa, amene amabwera kudzasirira bukuli. Akafika pa banga lija, atsibweni amandiitana mokoma.

"Mphwanga, tabwera uwafotokozere bambowa mbiri ya tsambali."

Ndimafotokoza, manja kumbuyo, khutu likutentha. Ndafotokozera ansembe, aphunzitsi anga a Chichewa, ngakhale munthu wina amene anangobwera kudzafunsa njira.

Manyazi ndili nawo, sindikana. Koma ndikafika pa bambo wa chingambwe uja ndimasekabe, ndipo tsiku lina ndinaona phewa la atsibweni likugwedezeka, ngakhale iwo amati chinali chifuwa. Chimene ndaphunzira n'chakuti m'nyumba ya munthu wotolera zakale, ukafuna kung'amba, ng'amba chatsopano.

Ndinawauza zimenezi. Kiyi wa bokosi tsopano amagona naye m'khosi.