Kope la Mayina a Mlatho

Lolemba
Lole yochokera ku boda yatsala pang'ono kuwagunda amayi akuwoloka msewu kupita kuchipatala. Ndodo yawo yathyoka pawiri, dalaivala osaima n'komwe. Ndakwiya! Ku Lilongwe ndinaona mlatho wa oyenda pansi, anthu pamwamba, magalimoto kunsi. Ife kuno ku Mchinji si anthu? Ndagula kope. Ndilemba mayina a onse ofuna mlatho, ndikatule ku ofesi ya khonsolo.

Lachiwiri
Tsiku lonse ndili pamsika. Mayina anayi basi: ine, amayi, alamu anga, ndi wachipisi amene wayamba wafunsa ngati pansi pa mlathowo padzakhale mthunzi. Akabaza akuti masitepe sagwirizana ndi njinga. Akagundidwa asadzandilirire!

Lachitatu
Ndadzuka n'kupeza mzere pakhomo. Ena achokera ku Mlonyeni wapansi, ziphaso za unzika m'manja. Pofika masana kope ladzaza, cholembera chatha. Misozi yalengeza. Anthu atseguka maso!

Lachinayi
Sanatseguke maso ayi. Alamu anga ndiwo anafalitsa kuti ndikulemba mayina a feteleza wotsika mtengo. Ndawafunsa, akuti, "Mumafuna mayina, alamu. Si amenewo?" M'kopemo ndapeza:
malemu awiri,
khanda losatuluka m'chikuta,
bambo mmodzi kanayi, kulikonse ndi dzina la agogo ena.

Lachisanu
Ndapitabe ku ofesi. Abwana kulibe, ali ku Lilongwe kumsonkhano wa chitetezo cha pamsewu. Mlembi watsegula kope, waona dzina la azakhali ake, wandifunsa motsitsa mawu kuti matumba afika liti. Za mlatho akuti ndilembe kalata.

Loweruka
Pakhomo pali ngolo zitatu ndi njinga zosawerengeka. Ndafotokoza za mlatho, palibe womva. Akuti feteleza wawo ndawolotsera ku Zambia. Ine! Ndatulukira kuseri, ndawoloka msewu osayang'ana uku ndi uku. Lole yandiimbira hutala. Nsapato imodzi yatsala paphula, yasanduka chikumba.

Lamulungu
Kope ndakolezera mbaula. Popita kutchalitchi ndawagwira amayi dzanja, taima m'mbali mwa msewu mpaka belu laleka kulira. Malole asanu adutsa. Mpata utapezeka, tili pakati penipeni pa msewu, amayi aima n'kundinong'oneza: "Koma langa thumba wandisungira, mwanawe?"
Ndati eya, tiyeni tiwoloke.