Ndege Imene Ndinajambula ku Chileka

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma poti anthu a ku Lirangwe amaikamba mokhotetsa, bola ndiinene ndekha.

Masiku amenewo ndinkadzukira kukazinga zitumbuwa, kenako kumunda, masana n'kuthamangira kusukulu ya kwacha. Lachisanu lililonse aphunzitsi athu, a Likoswe, ankatiphunzitsa kujambula, ati dzanja lizolowere pensulo. Milungu itatu yathunthu tikujambula kapu! Imodzimodziyo, yobenthuka kukamwa.

"Mayi Nasibeko, mwajambula kapu ya m'mutu mwanu," ankatero. "Yang'anani kaye. Tambasulani mkono, tsinzinani diso limodzi, muyeze ndi pensulo. Diso liyambe, dzanja litsatire."

"Aphunzitsi, makapu ine ndimatsuka tsiku ndi tsiku! Ndasiya mbuzi pachingwe kuti ndidzayang'anitsitse kapu?"

"Mukaiona bwino, tiyamba mpando."

Mpando! Ndinalumbira mumtima kuti ndiwabweretsera chinthu choti chiwatseke pakamwa.

Loweruka ndinapita ndi dengu langa ku Chileka, komwe ndinkagulitsa kwa antchito a pabwalo la ndege. Zitumbuwa zitatha, ndinaima pampanda wa waya, kope m'manja. Ndege ili poteropo, ikung'anima. Ndinatambasula mkono, diso limodzi tseke, pensulo italoza ndegeyo. Kuyeza, kulemba. Kuyeza, kulemba. Osadziwa kuti mawa lake kukutera akuluakulu a boma.

Ndinangomva dzanja paphewa. Wapolisi! Sajeni yemwe ankandigula zitumbuwa, koma nkhope itasintha.

"Mayi, mukuloza chiyani?"

"Ndikuyeza ndege."

"Mukuyeza ndege! Tiyeni kuofesi."

Khadi la chipani ndinatulutsa, sanaliyang'ane n'komwe. Ndipo zaka zimenezo munthu ukalowa muofesi yotero, ngakhale abale ako ankasiya kutchula dzina lako.

Bwana wamkulu anatsegula kope langa. Anayang'ana. Analitembenuza chadodolido. Anayang'ananso.

"Sajeni, mwandibweretsera kazitape wojambula mlamba?"

Mlamba? Ine ndapsa ndi dzuwa ola lathunthu!

"Pepani bwana, imeneyo ndi ndege!"

"Nanga ndevuzi?"

"Si ndevu! Ndi zozungulira zakutsogolo zija!"

"Diso ili?"

"Windo la dalaivala!"

Sajeni anandiponda chala, n'kunong'ona, "Mayi inu, vomerani nsomba." Ndinamukankha. Munthu woti sanagwirepo pensulo yojambulira angandiuze chiyani?

Bwana uja anavula magalasi. "Mayi, ndimvereni bwino. Ikakhala ndege, mugona konkuno, ndipo tsiku lotuluka sindikulidziwa. Ikakhala nsomba, nyamulani dengu lanu muzipita. Ndiye ichi n'chiyani?"

Ndinaganiza za ana anga. Ndinaganiza za mbuzi zili pachingwe. Ndipo koyamba chiyambire sukulu ya kwacha, ndinalola kuti diso liyambe, monga a Likoswe ankanenera: ndinatambasula mkono, kope lili patali, n'kuyang'anitsitsa ndi diso limodzi.

Abale inu, unali mlamba. Wonona bwino.

"Ndi nsomba, bwana."

"Kwezani mawu."

"Ndi nsomba!"

Anandilembetsa sitetimenti yoti ndinapezeka ndikujambula nsomba pabwalo la ndege. Pansi pake ndinasaina ndekha, osadinda chala. Koyamba kulemba dzina langa papepala la boma, n'kukhala la kukana ndege yangayanga! Ndinatuluka ndikutukutira ndi ukali, apolisi onse akugwira nthiti.

Lachisanu ndinakhala kumbuyo. Koma a Likoswe poyendera makope anaima pa ine. Anakweza kope langa m'mwamba kuti kalasi yonse ione.

"Amayi, taonani kuno! Izi ndiye ndimanena. Mayi Nasibeko ayamba kuona tsopano. Mlamba uwu anauyang'anitsitsa mofatsa, mpaka ndevu anawerenga!"

Anzanga anawomba m'manja, wina mpaka nthungululu.

Tsiku lomwelo ndinabwerera ku kapu yanga yobenthuka, chifukwa sindinamvepo kuti kapu yamangitsa munthu.